Siteshoni ya Marlboro ili pakhomo, koma ndi ya yani?

Amene adakhalapo ku Joni akudziwa kuti komboni ya Alexandra ndi dera la Sandton n'zoyandikana ngati mphuno ndi mlomo. Chimazilekanitsa ndi msewu waukulu wa M1. Tsidya lino nyumba zothithikana, zambiri za malata, m'mene mukukhalanso abale athu ochokera kuno kumudzi. Tsidya linalo nyumba zosanja za mabanki ndi makampani akuluakulu. Chakumpoto kwa komboniyi kuli siteshoni ya Marlboro, imodzi mwa masiteshoni 10 a sitima yothamanga ya Gautrain.

Ntchito yomanga njanji ya sitimayi idayamba m'chaka cha 2006, ndipo njanji yonse ndi yotalika makilomita 80. Siteshoni ya Marlboro idatsegulidwa pa 8 June 2010, kutatsala masiku atatu kuti mpikisano wa mpira wa World Cup uyambe m'dziko la South Africa. Panthawiyo sitima inkangoyenda pakati pa Sandton ndi bwalo la ndege la OR Tambo. Njanji ya ku Pretoria idayamba kugwira ntchito mu August 2011, pomwe ya ku Park Station, pakati pa mzinda wa Johannesburg, idatsegulidwa mu June 2012.

Marlboro si siteshoni wamba. Apa ndi pamphambano pomwe njanji yochokera ku Sandton imagawikana, ina kuloza ku Midrand, Centurion ndi Pretoria, ina ku Rhodesfield ndi kubwalo la ndege. Wochokera ku Pretoria kukakwera ndege amasinthira sitima pamenepa. Pali malo oimikapo galimoto, alonda ndi makina olipirira pa khadi. Sitima imatha kuthamanga makilomita 160 pa ola, ndipo kuchoka pa Marlboro kukafika ku Sandton ndi mphindi zosakwana 5. M'kati mwake saloleza kudya, kumwa ngakhale kutafuna chingamu. Pankhani ya ukhondo ndi kusunga nthawi, Gautrain ndi yoiyamikira.

Koma funso n'lakuti: kodi siteshoniyi adamangira yani? Kwa zaka zambiri mtengo wokwerera sitimayi wakhala uli wopitirira thumba la mlonda, wantchito zam'nyumba kapena wosesa m'maofesi. Anthu a ku Alexandra amakwerabe maminibasi, ena amangoyenda pansi. Ndi chifukwa cha kuchuluka kwa oyenda pansiwa kuti khonsolo ya mzindawu idamanga mlatho wa anthu pamwamba pa M1 pafupi ndi Grayston Drive, ntchito yomwe mu October 2015 idaphetsa anthu awiri zitsulo zochirikiza zitagwera pamsewu. Mlatho wa oyenda pansi ndi umboni woti sitima yomwe ili pakhomo siikuwathandiza.

Nkhani ya mtengo wa ulendo si yachilendo ku Alexandra. Komboniyi idakhazikitsidwa mu 1912, ndipo popeza kudalibe sitima, anthu ake ankadalira mabasi. Mu 1943 adanyanyala mabasi mtengo utakwera kuchoka pa makobiri 4 kufika pa 5, ndipo Nelson Mandela, akadali mnyamata, adali nawo pagulu la oyenda pansi. Mu January 1957 kampani ya mabasi ya Putco idawonjezeranso kobiri limodzi. Anthu adakana, mfuwu wawo uli "Azikwelwa", kutanthauza kuti sizikweredwa. Kwa miyezi itatu ankayenda makilomita pafupifupi 15 kupita kuntchito m'mamawa, n'kubwereranso mtunda womwewo madzulo. Mapeto ake mtengo udabwerera pa makobiri 4, ndipo boma lidalamula kuti olemba ntchito azisonkhako ndalama zolipirira maulendowo. Anthu amene makolo awo adatupa mapazi kaamba ka kobiri limodzi sakufunika kuuzidwa kuti mtengo wa ulendo ndi nkhani ya moyo.

Oikira kumbuyo sitimayi ali ndi mfundo yawo. Amati cholinga chake chidali kuchepetsa mdipiti wa galimoto pamsewu wa pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, choncho idayenera kukopa eni galimoto. Izi n'zoona, ndipo msewu ukapepuka wokwera minibasi naye amapindula. Komatu ndalama zomangira njanjiyi, zoposa mabiliyoni 20 a rand, zambiri zidachokera ku boma, ndipo boma la chigawo cha Gauteng lakhala likuthiramo ndalama chaka ndi chaka kuti sitimayi iziyenda. Msonkho umenewo mayi wa ku Alexandra amaulipiranso akagula sopo ndi shuga. Si bwino kuti nkhuni atole onse, koma moto awothe ochepa.

Mu 2025 oyendetsa Gautrain adakhazikitsa ndondomeko yotchedwa KlevaMova, yomwe imachotsera theka la mtengo anthu opeza zochepa, ophunzira ndi okalamba akalembetsa. Ili ndi ganizo labwino, ngakhale lidabwera patatha zaka 15. Safunsa adadya phula: akadakhala pansi ndi anthu a ku Alexandra njanji isanamangidwe, akadamva kalekale kuti vuto lawo ndi mtengo.

Kutsitsa mtengo pakokha sikukwana. Pakufunika kuti kulembetsa kukhale kosavuta kwa munthu wamaganyu yemwe alibe pepala la malipiro. Pakufunikanso njira zowala usiku zochokera m'komboni kufika pasiteshoni, komanso mgwirizano ndi eni maminibasi kuti ulendo wonse uzilipiridwa pamodzi. Zikapanda kutero, Marlboro ikhalabe malo osinthirapo sitima anthu opita kokakwera ndege, eni derali akuonera kunja kwa mpanda.