Tirigu Wozulidwa ku Kansas

Pamene boma la Kansas, ku America, lidalamula kuti kuyambira 2013 aliyense wolembetsa kuvota azionetsa umboni wa unzika, monga kalata yobadwira kapena pasipoti, ati pofuna kutsekereza alendo monga ankalimbikira mkulu woyang'anira zisankho kumeneko, Kris Kobach, anthu oposa 30,000 adabwezedwa pakhomo, ochuluka a iwo nzika zenizeni. Woweruza Julie Robinson, atasanthula umboni mu 2018, adapeza kuti alendo amene adalembetsa pakati pa 1999 ndi 2012 adali 39 okha, nalithetsa lamulolo. Ine ndinena kuti adaweruza molungama, pakuti wozula namsongole mwaphuma amazula ndi tirigu yemwe. Ndipo mayi wokwatiwa, amene dzina lake la lero lisiyana ndi la pa kalata yobadwira, sayenera kuyesedwa mlendo kwawo chifukwa cha pepala.