Namwino wa Juliet sankabaya jekeseni

Sabata ino ndiyankhe mtsikana wina wa kusekondale amene wandilembera kuti: "Agogo, m'sewero la Romeo and Juliet muli mayi wotchedwa Nurse, koma sindikumuona akupereka mankhwala. Ndi namwino wanji ameneyu?"

Wachita bwino kufunsa mwana wanga, paja safunsa anadya phula. Nanu ana asukulu nonse tcherani khutu.

Sewero limeneli analemba ndi William Shakespeare ndipo linasindikizidwa koyamba mu 1597. Nthawi imeneyo mawu oti nurse ankatanthauza mlezi, makamaka mayi wolembedwa ntchito yoyamwitsa mwana wa anthu olemera. Gwero lake ndi mawu a Chilatini otanthauza kuyamwitsa kapena kudyetsa. Unamwino wochita kuphunzira, ngati umene ndinagwira ine, unakhazikika pambuyo pake. Sukulu ya Florence Nightingale ku London inatsegulidwa mu 1860.

Mayi uja anali ndi mwana wakewake, Susan, msinkhu umodzi ndi Juliet, koma anamwalira. Juliet anayamwa bere la mayiyu mpaka pamene anamuletsa polipaka mankhwala owawa, monga amachitira ena kwathu kuno ndi tsabola, zomwe achipatalafe sitilimbikitsa. Mukadziwa zimenezi, mumvetsa chifukwa chake Juliet ankaulula zakukhosi kwa mlezi osati kwa mayi ake omubereka. Mumvetsanso ululu wake pamene mleziyo anatembenuka n'kumuuza kuti angokwatiwa ndi Paris. Wolemba pamayeso kuti mayiyu anali wa kuchipatala wataya malikisi, komanso nkhani yonse yamudutsa.

Mawu omwewa amavala malaya enanso. Nursing mother ndi mayi woyamwitsa, osati mayi wogwira ntchito ya unamwino. Akati nurse a grudge ndiye kuti munthu akusunga chakukhosi, akuchilera ngati khanda.

Tsono malangizo anga ndi awa. Mukakumana ndi mawu okuzunguzani m'buku, musathamangire tanthauzo loyamba m'dikishonale. Werengani matanthauzo onse, kenako bwererani ku chiganizo chija muone logwirizana nacho. Dzifunseni kuti bukulo linalembedwa liti, chifukwa mawu nawo amakalamba n'kusintha. Pomaliza, khalani ndi kope lapadera, mulembemo mawuwo, tanthauzo lake ndi chiganizo chopeka nokha.

Makolo, dikishonale imodzi imakwanira nyumba yonse. Muwagulire anawa.

Tikumanenso Lamulungu likubwerali.