Vuulani bwato nyanja isanatsegulidwe

Alimi anzathu a ku Likangala, ambiri mwa inu muli ndi minda iwiri. Wina ndi ndime ya mpunga ku sikimu kapena kudimba, wina ndi nyanja ya Chilwa. Chaka chikavuta kumtunda mumathamangira matemba, makumba ndi milamba, ndipo nyanja ikakana mumabwerera kukhasu. Koma tikayendera madooko a mbali ino timaona kuti khasu limasamalidwa kuposa bwato. Khasu mumalikwezera padenga mukaweruka, pamene bwato, lomwe mtengo wake ndi wa matumba ambiri a mpunga, limagona m'matope chaka chonse ndi madzi a mvula m'mimba mwake.

Nthawi yolikonza ndi ino. Kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale usodzi wa makoka umakhala woletsedwa pa Chilwa kuti nsomba ziswane, ndipo mabwato ambiri amakhala opanda ntchito. Tikudziwa kuti miyezi yomweyi ndi yowokera mpunga ndi kupalira chimanga, manja sakwana. Komabe ntchito ya bwato yambiri ndi yodikira kuti mtengo uume, osati yogwira tsiku lonse. Mukalivuula sabata ino, lidzakhala likuuma lokha inu muli kumunda.

Pali chizolowezi chimodzi chomwe tikufuna kuchidzudzula poyera. Nyanja ikatsala pang'ono kutsegulidwa, mwini bwato amagula kachitini ka penti, napaka pamwamba pa ndere ndi matope ouma, nalemba dzina la bwato ndi zilembo zikuluzikulu. Maina ena amakoma ndithu, ndipo palibe akuletsa. Bwato limawala, anthu padooko nayamikira. Koma penti yopakidwa pa thabwa lonyowa kapena lowola imatsekera chinyontho mkati, ndipo kuwola kumapitirira mwakachetechete. Pakatha masabata ochepa pentiyo imatupa n'kuyamba kusupuka. Choopsa kwambiri n'chakuti malo ofooka aja sakuonekanso. Munthu amakweza matumba a mpunga, njinga ndi ana opita ku Chisi pa bwato lomwe pansi pake mpeni ungalowe ngati m'papaya. Chilwa ndi nyanja yosazama, inde, koma mwera ukakuntha mafunde ake ndi aafupiafupi, omenya motsatizana, ndipo pansi pake ndi thope loti munthu sangaimepo.

Choncho yambani ndi kutsuka. Likokereni kumtunda, mulikhazike pa mitengo iwiri kapena itatu kuti lisakhudze dothi, ndipo mulitsuke ndi madzi a pachitsime kapena a mumtsinje. Chifukwa chake n'chakuti Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina imangothiramo, madzi amachoka ndi dzuwa basi, ndiye mchere umatsalira. Mchere umenewo ndiwo umadya misomali ya maboti a matabwa, ndipo ukaumira pa thabwa umakoka chinyontho, penti osagwira. Palani ndere ndi penti yakale yosupuka ndi chitsulo chosathwa kwambiri. Mkati musaiwale m'makona ndi pansi pa nthiti za boti, momwe mumaunjikana mamba a nsomba ndi matope. Kuwola kwambiri kumayambira mmenemo, chifukwa madzi a mvula ongokhala ndiwo amaoletsa mtengo msanga kuposa madzi a m'nyanja.

Kuumitsa ndiye pamene pamafunika mutu. Ino ndi nyengo ya mvula, bwato likangosiyidwa pamtetete silidzauma. Komanso dzuwa la masana likamenya bwato logoba mwachindunji, kunja kumauma msanga mkati mukadali monyowa, ndipo mtengo umang'aluka. Amene munaona mabwato ali ndandanda pa matope ong'ambika ku Kachulu mu 2018, kapena akuluakulu amene mukukumbukira 1995 nyanja itaphweratu, mukudziwa zomwe dzuwa limachita ndi bwato losiyidwa. Madzi atabwerera, ena anapeza kuti chomwe chatsala ndi nkhuni. Mangani kachisakasa ka udzu kapena njedza, kotseguka m'mbali kuti mphepo idutse, ndipo bwato mulivundikire chafufumimba pansi pake. Lipatseni masabata angapo. Pepala la pulasitiki lokulunga bwato lonse si labwino, limasunga thukuta.

Likauma, liyeseni. Tengani mpeni kapena msomali, mubaye pang'onopang'ono paliponse, makamaka pansi, kumphuno ndi kumbuyo komwe limakhuzika pokokedwa. Mtengo wabwino umakana, wowola umalola. Gogodaninso ndi kahamala: pabwino pamalira mouma, powola pamamveka ngati mukumenya dzungu. Powola sipapakidwa mankhwala, pamadulidwa mpaka mutafika pa mtengo wamoyo. Ngati ndi thabwa, itanani mmisiri alisinthe lonse. Misomali yadzimbiri izulidwe, ndipo pogula ina funsani yosachita dzimbiri, ija yokutidwa ngati malata. Ndi yodulirapo, koma misomali wamba ya denga m'madzi a Chilwa sikhalitsa, ndipo ikadyeka imasiya bowo lozunguliridwa ndi mtengo wakuda wofewa.

Tsopano phula. Mawu amenewa m'Chichewa chathu amatchula zinthu ziwiri, phula la njuchi kapena lopukutira kuti chinthu chiwale, ndi phula lakuda lija la pamsewu. Bwato lamtengo limafuna lachiwirili. M'mipata ya pakati pa matabwa ndi m'ming'alu khomererani thonje lopota kapena chingwe cha thonje, mothina koma osachita kung'amba mpata, kenaka thirani phula lotentha pamwamba. Musadzaze mpata ndi zinthu zolimba ngati simenti, chifukwa thabwa limatupa likabwerera m'madzi ndipo lifunika pofutukukira. Amene mumamata bwato logoba ndi chigamba cha lata kapena cha chigubu, pakani phula pansi pa chigambacho musanakhome, apo ayi madzi amabisala kuseri kwake n'kudya mtengo. Posungunula phula sonkhani moto patali ndi chisakasa, ana asayandikire, ndipo chitini chikhale chouma. Dontho la madzi m'phula lotentha limathovola n'kuwotcha nkhope.

Kunsi konse komwe kumakhala m'madzi mungapake penti yakuda ya phula, yomwe imapezeka m'mashopu a zipangizo zomangira mu mzinda wa Zomba. Kumtunda kwake, komwe kumaoneka, ndiko kwa penti ya mafuta. Kwechani ndi sandipepa, pukutani fumbi, yambani ndi penti yoyambira yolowa mu mtengo, kenaka pakani mopyapyala kawiri kapena katatu, kulola kuti iume bwino musanabwereze. Kupaka kamodzi mochindikala n'kutaya ndalama, imachita makwinya n'kusupuka. Dziwaninso kuti penti ya mafuta sigwirizana ndi phula. Mukaipaka pamwamba pa phula, kuda kumatulukira ndipo mtundu umaonongeka, ndiye lembani mzere pomwe phula lithere. Penti ya madzi yopaka m'nyumba musaiyese n'komwe.

Oyilo wakutha wa injini, yemwe ena amapaka poti ndi waulere, ife tikuti ayi. Amadetsadi mtengo n'kuoneka ngati wateteza, koma satseka mpata ngakhale umodzi, penti sidzagwiranso pamenepo, ndipo amasungunukira m'madzi. Tanena kale kuti nyanja iyi ilibe potulukira. Zomwe mwathiramo zimakhala momwemo, m'madambo momwe matemba amaswana ndi momwe anzathu okhala m'zimbowera amatunga madzi. N'chifukwa chakenso zopalapala za penti yakale muzizigwetsera pa chiguduli n'kukazikwirira kutali ndi gombe. Chilwa ili pa mndandanda wa madambo otetezedwa pansi pa pangano la Ramsar, koma ngakhale pakanapanda pangano, nsomba zake ndi zomwe mumadyetsa ana anu.

Maboti a faiba, ochepa omwe amayenda pa nyanjayi, ndiwo amafuna phula lowalitsa lija. Khungu lake likapsa ndi dzuwa limatuwa, ndipo mukalisisita ndi dzanja mumatsala ufa woyera. Litsukeni ndi sopo, likwecheni pang'onopang'ono ndi mankhwala opukutira galimoto pa kansalu kofewa, kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, pamthunzi, kenaka pakani phula n'kupukuta likayamba kuuma. Limateteza kwa miyezi yochepa chabe, ndiye n'lobwereza. Ming'alu ndi mabowo zimatidwe kaye, phula lowalitsa silitseka kanthu. Ndipo musapake popondapo anthu, mungagwetse mayi ndi dengu lake.

Wina anena kuti zonsezi ndi ndalama pa nthawi yomwe ndalama yapita ku feteleza. N'zoona. Koma funsani mtengo wa bwato latsopano lero. Mibawa ndi milombwa ikuluikulu yomwe makolo ankagoba inatha m'madera ozungulira nyanjayi, ndipo mabwato ambiri tsopano ndi a mitengo yofewa ngati mango, yomwe siichedwa kuwola. Bwato lotere likasamalidwa ndiye limaonjezera zaka. Chitini chachikulu cha penti kapena chidutswa cha phula mungagule anthu atatu kapena anayi n'kugawana, kudzera m'banki m'khonde kapena komiti ya padooko. Makomiti amenewa, omwe amagwira ntchito ndi alangizi a zausodzi, angachite bwino kuyendera mabwato onyamula anthu nyanja isanatsegulidwe, monga momwe amayenderera maukonde.

Mukamaliza, musalikweze katundu tsiku lomwelo. Likankhireni m'madzi osaya, mulimangirire, ligone tsiku limodzi kapena awiri kuti matabwa atupe ndi kutseka mipata. Poyamba lidzalowa madzi pang'ono, zimenezo n'zachibadwa. Kapani, muike chizindikiro pomwe pakuchucha. Ngati pofika tsiku lachitatu pakuchuchabe, livuuleninso.