Mafoni ongodikira kulira

Kwa Kaphuka kuli mafoni ambiri amene sayimba. Ndi aja a mabatani, okulungidwa ndi mphira kuti batire isagwe, amene agogo amamangirira pansonga ya chitenje popita kukapalira mbatatesi. Ntchito yake n'kudikira mwana wa ku Lilongwe kapena ku Joni. Mayunitsi amalowamo mwa apo ndi apo. Nkhani ikakhalapo, mdzukulu amangoflasha.

Kuno kulandira foni n'kwaulere, ndiye tidazolowera ngati kuti ndi mmene Mulungu adalengera. Ku India zidasintha mu 2018, pomwe makampani a Airtel ndi Vodafone Idea adalamula kuti aliyense aziikamo ndalama zosachepera 35 rupee pamasiku 28 aliwonse. Ukapanda kutero amayamba akutsekera koyimba, kenako kolandira komwe.

Chidawatuma n'chiyani? Mu 2016 kudabwera kampani ya Jio ndi kuyimba kwaulere. Anthu adakhamukira kumeneko, makhadi akale aja n'kungowasungira kulandirira. Ndiye pali kandalama kamene kampani ya woyimba imalipira kampani ya wolandira, foni ikadutsa malire a netiweki. Mu 2017 boma la India lidakadula kuchoka pa 14 paise kufika pa 6 pamphindi. Wongolandira uja adasanduka mlendo wodya osalima. Ndipo tisaiwale, Airtel yathuyi kholo lake ndi Bharti Airtel ya ku India komweko.

Makampani ali ndi pogwira, sindikana. Nsanja ya paphiri imafuna mlonda, magetsi akathima jenereta imamwa dizilo, kaya agogo ayimba kaya ayi. Koma foni ikalira mu chitenje muja, ndiye kuti wina walipira kale. Mwana wa ku Lilongweyo amagula mayunitsi chifukwa kumudzi kuli womuyankha.

Komanso nambala ya masiku ano si yolankhulirapo chabe. Idalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika kuyambira kalembera wa 2018, ndipo ndi momwe mumafikira ndalama ya feteleza pa Mpamba kapena Airtel Money. Ngakhale kunoko, nambala ikagona nthawi yayitali imatsekedwa n'kupatsidwa wina. A MACRA akadaonetsetsa kuti khadi lisanatsekedwe, chenjezo lizibwera ndi mawu, m'Chichewa, foni ilire ndithu. Uthenga wolemba umadikira mdzukulu aweruke kusukulu, ndipo iye amathamangira kuufufuta poyesa ndi aja otsatsa mabandulo.