Eni Mabanki Aikemo Zawo Asanatchove Juga ndi Zathu

Nthawi iliyonse oyang'anira mabanki akalamula kuti eni mabanki aonjezere mpamba, mumamva kulira kofanana. Ati lamuloli ndi lokhwima, ati ngongole zisowa, ati alimi ndi amalonda ang'onoang'ono ndi amene avutike. Ine ndikuti tisapusitsidwe, Amalawi anzanga. Amene akulirawo akulirira matumba awo.

Tiyambe ndi funso lapafupi. Kodi ndalama zomwe banki imakongoza ndi za yani? Zambiri ndi zanu: malipiro a mphunzitsi, ndalama za fodya za mlimi wa ku Kasungu, kangachepe ka mayi wogulitsa kaunjika ku Limbe. Mpamba ndi gawo lomwe eni banki aikamo okha. Wokongola akathawa ndi ngongole, mpambawo ndi umene umayamba kudyeka. Ukatha, zimayamba kudyeka ndi zanu. Choncho mwini banki amene waikamo zochepa amakongoza mosaopa, pakuti zikayenda phindu ndi lake, zikavuta maliro ndi athu.

N'chifukwa chake mu 1988 mabanki akuluakulu a maboma olemera adagwirizana mumzinda wa Basel ku Switzerland kuti pa ndalama 100 zilizonse zomwe banki yakongoza, poganizira kuopsa kwa ngongoleyo, 8 zikhale mpamba. Mavuto a zachuma a 2008, pomwe Lehman Brothers idagwa ku America, adaonetsa kuti mpamba wina udali wa papepala chabe. Mu 2010 adakhwimitsa malamulo ndi kunena kuti gawo lalikulu likhale masheya enieni a eni. Kuno kwathu Reserve Bank of Malawi idayamba kutsata malamulo a Basel II mu 2014, ndi muyeso woposa wa ku Basel: 10 pa 100 mpamba weniweni, 15 pa 100 mpamba wonse pamodzi. Apa ndiwaombera m'manja. M'dziko lomwe kwacha imagwa ndipo chilala chimodzi chimalepheretsa alimi zikwi zambiri kubweza ngongole, muyeso wa ku Switzerland sungatikwanire.

Koma pali khomo la kuseri, ndipo ndi limene ndikufuna tiliyang'anitsitse. Mabanki ambiri ali m'manja mwa kampani ina ya pamwamba, zija zimatchedwa Holdings. Tiyerekeze kuti Reserve Bank yauza banki kuti ionjezere mpamba ndi K10 biliyoni. Kampani ya pamwambayo ikupita kukakongola K10 biliyoniyo kwina, n'kuithira m'banki ngati masheya. M'mabuku a banki zonse zili bwino, lamulo lakwaniritsidwa. Koma mwini sadatulutse ngakhale tambala m'thumba mwake. Ngongole ija ifunika kubwezedwa ndi chiwongoladzanja chake, ndipo ndalamazo zichokera kuti? Banki yomweyo ikamidwa chaka ndi chaka, ngakhale chaka cha njala. Uku ndi kubwereka chimanga kwa mnansi kuti nkhokwe ioneke yodzaza tsiku lobwera apongozi.

Musaganize kuti ndi nthano. Banki ya BCCI, yomwe adayambitsa Agha Hasan Abedi mu 1972, idali ndi nthambi m'maiko oposa 70, kuphatikizapo Zambia ndi Zimbabwe. Kampani yake ya pamwamba idali ku Luxembourg, mbali ina idalembetsedwa ku zilumba za Cayman, pamene ntchito zambiri zinkachitikira ku London. Dziko lililonse linkaona kachigawo kake, palibe amene ankaona nyama yonse. Pa 5 July 1991 idatsekedwa, ndipo zidaululika kuti mbali ina ya mpamba wake idali ndalama zomwe banki yomweyo idakongoza anthu kuti agulire masheya ake. Chaka chotsatira, mu 1992, a ku Basel adalamula kuti gulu lonse la banki liziunikidwa pamodzi ndi woyang'anira mmodzi wodziwika.

Inu amene mudakhalapo ku Lusaka mukukumbukira Meridien BIAO. Idafalikira m'maiko ambiri a mu Africa, mizu yake ili ku Luxembourg ndi ku Bahamas. Mu 1995 idagwa, Bank of Zambia itathiramo kale ndalama zankhaninkhani poyesa kuipulumutsa, ndipo anthu wamba adapeza zitseko zotseka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipotu ife chidatigwera kale, kungoti masiku amenewo kunena kudali kuputa Mikuyu. Kampani ya Press Holdings, ya Dr Kamuzu Banda, idali ndi masheya mu National Bank ndi mu Commercial Bank, mabanki awiri okha a malonda omwe tidali nawo, ndipo inkakongola kwambiri kwa mabanki omwewo. Ndi manijala uti akadakaniza ngongole kampani ya Ngwazi? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Press idalephera kubweza, mabanki onse awiri adali pangozi, ndipo boma lidasenza ngongolezo pokonzanso kampaniyo. Boma likasenza, dziwani kuti wasenza ndi inu ndi ine.

Ndale za zipani zambiri sizidachize nthendayi. Mu 2015 boma lidagulitsa Malawi Savings Bank kwa FDH ndi Indebank kwa National Bank, chifukwa mabanki awiriwa adalephera kufika pa mpamba wofunika. Pogulitsa Malawi Savings Bank, boma lidatenga ngongole zosabwezedwa za pafupifupi K6 biliyoni. Ndani adadya, ndani adalipira? Yankho mukulidziwa.

Tsono za kuti lamulo la mpamba limamana alimi ngongole, tinene mosapsatira. Mpamba sakhomera m'bokosi. Nawonso amakongozedwa ngati ndalama zina zonse. Lamulo limangofunsa kuti ndalama zokongozedwazo zachokera kwa yani. Ndipo ngati mabanki athu amakondadi mlimi, n'chifukwa chiyani amathamangira kukongoza boma, kumene chiwongoladzanja n'chonona ndipo thukuta palibe? Banki yopeza phindu lochuluka ikhoza kusunga gawo lina kuti mpamba ukule m'malo mogawana lonse.

Zomwe ndikupempha n'zomveka. Reserve Bank iziwerengera mpamba kuyambira pa kampani ya pamwamba mpaka pansi, ndipo ndalama zokongola zisavale malaya a masheya. Maina a eni enieni a banki iliyonse adziwike poyera, ngakhale atabisala kuseri kwa makampani atatu kapena ku zilumba za kutali. Ngongole zopita kwa eni, madairekitala ndi makampani awo zikhale ndi malire osapindika, zivute zitani, posayang'ana kuti wokongolayo wavala mtundu wa chipani chiti. Aphungu a Nyumba ya Malamulo azimuitana Gavanala ndi kumufunsa mafunso amenewa anthu akumva.

Ndipo inu owerenga, mabanki akasindikiza malipoti awo a chaka m'nyuzipepala, musathamangire kukulungira matemba. Onani mzere wa mpamba, onani ngongole za abale a banki, mufunse. Kale kufunsa kudali mlandu. Lero amene safunsa wadzipereka yekha, ndipo tsiku lotseka zitseko adzaima pamzere ndi kabuku kake m'manja pamene bwana ali m'ndege.