Penge sanabedwe ku Kent

Chikulitsireni dera la msonkho wa utsi la ULEZ pa 29 Ogasiti 2023, monga meya wa London, Sadiq Khan, adalamulira kuti likute mzinda wonse, pali mawu amene sakutha pakamwa kumwera chakum'mawa kwa mzindawu. Mwini galimoto yakale yofuka utsi amalipira £12.50 tsiku lililonse akaiyendetsa, ndipo ambiri a ku Bromley akapsa mtima amati iwo si a London, ndi a Kent, adachita kulandidwa mu 1965, choncho awabwezere kwawo. Khonsolo ya Bromley ndi makhonsolo ena anayi adakasuma ku High Court pofuna kuletsa kukulitsako, koma adagonja mu Julaye chaka chomwecho.

Za msonkhowo anthu akangane mmene angafunire. Chimene ndikukana ine ndi mbiri imene akuikokera m'mkanganomu.

Munthu wa ku Orpington kapena Beckenham ali ndi pogwira, chifukwa madera amenewo adakhaladi m'Kent zaka mazanamazana. Vuto ndi lakuti mawuwa amanenedwa m'dzina la Bromley yense, pamene m'Bromley momwemo muli Penge, tauni imene mbiri yake ikutsutsana nawo poyera.

Kalekale Penge inali nkhalango yodyetserako nkhumba, ndipo eni ake anali a parishi ya Battersea, imene ili m'mbali mwa mtsinje wa Thames, m'chigawo cha Surrey. Malo awiriwa sadagundane malire n'komwe, pakati pake panali maparishi ena. Kent panalibepo pamenepa. Anthu adayamba kuchuluka njanji ya London ndi Croydon itatsegulidwa mu 1839, yomwe idayalidwa motsata ngalande yakale ya mabwato. Kenako mu 1854 chinyumba chagalasi cha Crystal Palace chidasamutsidwa ku Hyde Park n'kudzamangidwanso paphiri loyang'ana Penge. Chinyumbacho chidapsa mu 1936, koma mukapita m'paki yake lero mupeza ziboliboli za madayinaso zidakali chiimire pafupi ndi dziwe, ana akuzilozerana. Amene adadzaza misewu ya Penge anali akalaliki, amisiri ndi antchito okwera sitima m'mamawa kukagwira ntchito m'tauni.

Boma nalo lidaona zomwezo. Mu 1855 Penge idaikidwa m'dera la Metropolitan Board of Works, pansi pa bodi ya Lewisham, ndipo mu 1889 idalowa m'chigawo chatsopano cha County of London. Mvetsetsani pamenepa: Penge inali kale m'London pamene Orpington unali mudzi wa minda ya zipatso.

Nanga Kent idabwera bwanji? Lamulo la London Government Act la 1899 lidagawa mzindawu m'makhonsolo 28, ndipo kadera aka kadasowa pokakwanira. Lamulolo lidasiya njira zingapo, kukaphatika ku Lewisham kapena ku Camberwell, apo ayi kukatulutsa n'kukapereka ku Surrey kapena ku Kent. Mu 1900 kadapita ku Kent, n'kukhala Penge Urban District, khonsolo yakeyake yoyang'anira Penge, Anerley ndi mbali ina ya Crystal Palace. Idagwira ntchito za makhonsolo aang'ono a nthawiyo, monga misewu, zinyalala, ukhondo ndi nyumba, mpaka pa 1 Epulo 1965, pomwe lamulo lina la 1963 lidaithetsa n'kuiphatikiza ndi Bromley, Beckenham, Orpington ndi Chislehurst kukhala khonsolo imodzi ya Bromley m'London.

Ndiye ukale wa Penge m'Kent ndi zaka 65 basi. Agogo wobadwira kumeneko mu 1885 akadakhala ndi moyo zaka 80 akadakhalapo m'Surrey, m'London, m'Kent, n'kubwereranso m'London, osasamuka pakhomo pomwe adabadwira. Ngakhale m'zaka za Kent zomwezo, wapolisi woyenda mu High Street anali wa Metropolitan Police, ndipo keyala ya paenvulopu inali ya London, SE20, monga ilili lero.

Nkhani ya keyalayi ndiyo imasokonezanso ambiri. A positi adapitiriza kulemba Bromley, Kent kwa zaka zambiri 1965 itadutsa, mpaka adasiya kufuna maina a zigawo mu 1996. Kalata ikamafika ndi dzina la Kent, munthu amakhulupirira kuti ndi komwe amakhala, chonsecho mavoti ake, mabasi ake ofiira ndi msonkho wake zili ku London.

Amene akufuna kuti Bromley ituluke m'London anene poyera kuti akukana msonkho wa utsi ndi ulamuliro wa meya, tiwamve pa mfundo zimenezo. Akati akubwezera madera kwa eni ake akale, ayambe afotokoza kuti Penge aipereka kwa yani, popeza woyamba pamzere wa eniwo ndi Battersea, yomwe lero ili m'khonsolo ya Wandsworth, m'kati mwenimweni mwa London.