Yisiti ndi Mabala a DNA

Alipo anthu amene amapukusa mutu akamva kuti akatswiri a sayansi atha zaka zambirimbiri akufufuza yisiti, yemwe uja amafufumitsa buledi ndi kuŵiritsa moŵa. Iwo amati ndalama zotere zikanapita ku chipatala. Maganizo ameneŵa ngolakwika, ndipo mboni yake ndi yisiti yemweyo.

Yisiti ndi kanthu kamoyo ka selo imodzi, ka mtundu wa bowa. M'kati mwake muli DNA, ulusi wopotana paŵiri umene umasunga malangizo onse a moyo wake, wogaŵika m'makromosomu 16. Ulusiwu umavulala kaŵirikaŵiri: cheza cha X-ray chimaudula, pamene cheza cha dzuŵa chimapundula zilembo zake.

Ulusi ukaduka mbali zonse ziŵiri, selo imafunafuna wina wofanana nawo, monga uja imakopera pokonzekera kugaŵikana. Nsonga yodukayo imaloŵa mu ulusi wamphumphuwo ndi kutengamo zonse zimene zinatayika, ngati wophunzira wokopera tsamba long'ambika m'kope la mnzake. Njira imeneyi, yotchedwa recombination, silakwa wambawamba. M'chaka cha 1983 Jack Szostak ndi anzake atatu analongosola mayendedwe ake atafufuza yisiti.

Njira yachiŵiri ndiyo yozizwitsa. Selo ikamakopera DNA yake niipeza chilembo chopunduka, ntchito yonse imaima, ndipo kuima kotero kukapitirira ndi imfa. Tsono selo imaitana mapuloteni apadera amene amaikapo chilembo mongolota, ntchito nipitirira. Chilembocho chikakhala cholakwika, malangizo asintha. Ndiko kumene asayansi amati mutation. M'chaka cha 1971 Jeffrey Lemontt anapeza yisiti wosoŵa njira imeneyi. Atamuŵalitsa ndi cheza cha ultraviolet, malangizo ake sanasinthe kwenikweni, koma anafa msanga kuposa anzake. Apa mpamene panaonekera kuti kusintha kwambiri kumachitidwa ndi selo yeniyeniyo, imene imalola kulakwa m'malo mwa kufa.

Kodi wodwala apindulanji ndi zimenezi? Puloteni ya RAD51, imene imatsogolera nsonga yoduka ija mu yisiti, ilinso m'thupi la munthu, ndipo m'menemo imathandizana ndi ina yotchedwa BRCA2. Mayi wobadwa ndi BRCA2 yopunduka amakhala pa ngozi yaikulu ya khansa ya m'maŵere ndi ya m'thumba la mazira. Mankhwala a olaparib, amene anavomerezedwa m'chaka cha 2014, amapha maselo a khansa amene akulephera kulumikiza ulusi mwa njira yomweyi.

Choncho mphunzitsi asamaphunzitse mutation ngati ngozi chabe yogwa popanda chifukwa, ndipo wotsiriza sukulu asapeputse kafukufuku amene phindu lake silioneka lero. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene anadekha pa yisiti anathandiza kutsegula njira imene odwala khansa akuyendamo.